Lamba wa Mlamu Wanga

Tsiku limene mlamu wanga anabwera ndi lamba uja, tinazungulira tebulo ngati m'nyumba mwabadwa mwana. Anali m'kabokosi kokongola, ndipo pakabokosipo anajambulapo munthu wovala magalasi akuluakulu akutsetsereka paphiri loyera mbee ndi chipale chofewa, atamangirira matabwa kumapazi. Amuna anga anati malamba amenewa anayambira kwa anthu a masewero otsetserekawo, kenako anafika kwa opalasa njinga, tsopano afika kwa othamanga. Ine nditatsegula ndinangoona lasitiki wakuda wokhala ndi kachitsulo kophwatalala pakati. Ndine telala, lasitiki ndimamudziwa. Ndinanena kuti wotereyu ndimasokera m'makabudula a ana asukulu, koma palibe anaseka.

Mlamu wangayu ndi mchemwali wa amuna anga, chitsirizira m'banja mwawo. Makolo awo atamwalira anabwera kwathu mano a mkaka asanaguluke, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kuchapa ndi kuluka tsitsi. Kuthamanga kokha anaphunzira kwa achimwene ake. Anthu a m'dera lathu amamutchula Kamphepo, chifukwa ukamutuma kugolosale umangomva chitseko. Amuna anga nawonso pa unyamata wawo ankathamanga mitunda italiitali, mpaka pakamwa poti adyetse panachuluka, n'kusiya, n'kutenga burashi. Tsopano amapaka penti nyumba za anthu. Koma mukanawaona mmene ankamuyang'anira Kamphepo akamamanga zingwe za nsapato, mukanadziwa kuti munthuyu sanasiye chilichonse, anangobwereka miyendo ya mchemwali wake.

Kalabu imene inamutenga Kamphepo inali ndi kachitidwe kake. Atsikana ake anali omwazikana m'matauni osiyanasiyana, aliyense kwawo, ndipo ankakumana pokhapokha mpikisano waukulu ukayandikira. Chibwerereni malamba, a Kochi anasiya kuima pabwalo ndi wezulo, ankangokhala muofesi ndi kompyuta. M'mawa uliwonse mtsikana ankanyowetsa lamba wake, kumumanga pachifuwa, kuika foni m'kathumba ka m'chiuno, n'kuuyamba ulendo. Lambayo ankawerenga kugunda kwa mtima ndi liwiro, n'kumatumiza zonse kwa a Kochi kudzera pafoniyo. Ukachepetsa liwiro limene akuikira tsiku limenelo, kachitsulo kaja kankanjenjemera pachifuwa kukukumbutsa kuti wayamba ulesi. Lamulo linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa: wovulala kapena wojomba amachotsedwa pa timu, lamba wake n'kupatsidwa wina. Odikirira anali ambiri.

Ndiye pakati pa zokonzekera mpikisano umene ankati akasankhirako opita kunja, Kamphepo anaponda mwala molakwika potsika chitunda. Anafika pakhomo akutsimphina, bondo litatupa ngati banzi. Achimwene ake analitosatosa ndi zala zawo za penti, akugwedeza mutu ngati munthu wodziwa.

"Apa palibe chathyoka," anatero. "Bondo ngati ili limangofuna kupuma. Inenso linandichitikirapo."

"A Kochi akamva andichotsa, achimwene."

"Amva kwa ndani?"

Anapita kukatenga lamba pamsomali umene ankamukoleka, n'kumuyesa pachifuwa pawo. Sanakumane. Anandiyang'ana uku akumwetulira, kumwetulira kwawo kuja kwa munthu wofuna kupempha zinthu zopusa.

"Mayi, tandiwonjezerani kalasitiki apa."

"Inu, ndi msinkhu wanuwo? Ndi kamimba kameneko?"

"Mimba sithamanga, imathamanga ndi miyendo. Makinawa sadziwa nkhope ya munthu. Amangofuna mtima wogunda ndi msewu basi."

Ndinakana pakamwa, koma manja anasoka. Ndinkaganiza kuti m'mawa umodzi wokha uwakwanira, abwera akukwawa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sanakwawe. Anabwera ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, koma nkhope ikuwala ngati mnyamata amene walandiridwa ndi chibwenzi. M'mawa wotsatira anapitanso, winanso chimodzimodzi. Mlonda wa pa sitolo ya simenti ankawakuwiza kuti, "A Penti, mwayambiranso?" Iwo ankangokweza dzanja. Akabwera ankatifotokozera za msewu wonse, galu amene wawathamangitsa, chitunda cha kuthanki ya madzi chimene chinkawavuta. Ankati chilambacho n'cholongolola kuposa ine, ukangoti upumeko pang'ono chayamba kale kukutokosa. Kamphepo ankaseka ali gone pampando, mwendo uli pa pilo, nsanza yokutira madzi oundana ili pabondo.

Koma liwiro limene a Kochi ankaika linali la mtsikana woti akapikisane ndi akatswiri, osati la bambo wa imvi m'ndevu amene akachoka pamenepo akakwera makwerero tsiku lonse. Ndinayamba kuona zinthu zimene sizinandisangalatse. Akafika sankalowanso m'nyumba msanga. Ankakhala pasitepe ya kuseri, mutu uli pakati pa mawondo, milomo itatuwa. Tsiku lina ndinawapeza atagwira pachifuwa ndi dzanja lonse.

"Kwagwanji?"

"Lasitiki wanuyu mwathinitsa."

Ndinamuyeza ndi tepi. Sanali wothina ngakhale pang'ono.

A Kochi nawo ankatumiza mauthenga pafoni. Ankafunsa ngati Kamphepo akugona mokwanira, chifukwa mtima ukukwera kwambiri. Mwanayo ankayankha kuti eya, a Kochi, ndi kutentha chabe. Kenako kunabwera uthenga wina, osati wochokera kwa a Kochi koma kwa dokotala wa kalabu. Ankafuna kumuona mwamsanga, ndipo abwere ndi munthu wamkulu wa kunyumba. Amuna anga anali ndi nyumba yoti amalize kupaka, choncho ndinapita ndine.

Kamphepo anavala thalauza lalitali la masewero kuti abise bondo, ndipo kuchokera pachipata cha bwalo mpaka kuofesi anayenda mowongoka ngati msilikali. Ndinkamva mano ake akukukutika. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda kuzungulira.

"Mayi, inu ndi ndani wake?"

"Ndine mlamu wake, koma ndinamulera ndine."

"Ndiye mumvetsere bwino." Anatembenuzira kompyuta kwa ife. Panali mzere wokwera ndi kutsika ngati msoko wa zigizagi. "Apa mtima ukuyenda bwino. Koma taonani apa, ndi apa."

Sindinaphunzire zachipatala, koma msoko wowonongeka ndimauzindikira. Mzere unali utakolanakolana monga amachitira makina akatafuna ulusi.

"Mtimawu ukuthamanga mosalongosoka, kenako ukudumpha," anatero adokotala. "Zachitika kangapo, ndipo nthawi zonse ndi pachitunda, munthu akalimbikira kwambiri. Vuto la matenda amenewa ndi loti amabisala. Munthu akakhala pansi, mungamupime tsiku lonse osapeza kanthu. Koma mtima wotere tsiku lina umangoima pakati pa msewu." Anayang'ana Kamphepo. "Umamva chizungulire ukamathamanga? Mdima m'maso?"

"Ayi, adokotala."

"Kwanu alipo amene anamwalira mwadzidzidzi, asanadwale?"

Kamphepo anayankha motsitsa mawu. "Bambo. Anagwa akunyamula matumba kuntchito."

Ndinkayang'ana mzere uja, ndipo ndinkaona amuna anga atakhala pasitepe ya kuseri, milomo itatuwa. Ndinatsegula pakamwa. Pansi pa tebulo Kamphepo anandigwira dzanja, zikhadabo zake n'kulowa m'khungu langa. Ndinatseka pakamwa panga.

Anamugoneka pabedi, n'kumumata mawaya pachifuwa. Sanapeze kanthu. Kenako anamukweza panjinga ija yosapita kulikonse, n'kumuuza kuti apalase mwamphamvu. Mwana anapalasa ndi bondo lakelo, thukuta likuyenderera m'khosi, adokotala n'kumaganiza kuti ndi thukuta la khama. Mzere unatuluka wosalala kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Mtima uwu ndi wabwino kuposa wanga," anatero adokotala, akukanda m'mutu ndi cholembera. "Mwina lambayo ndiye wawonongeka, zimachitika. Tenga watsopano uyu. Mawa upume, mkucha uyambirenso monga mwa masiku onse. Ndiziyang'ana ndekha m'mawa uliwonse, ukuthamanga ine ndikuona. Zikaonekanso, sindikulola kuthamanga, ngakhale a Kochi atandigwadira."

Titafika kunyumba bondo linali litatupa moti thalauza tinachita kulidula ndi sizasi.

Amuna anga atamva nkhani yonse anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Ndinanena ine! Chilamba chija chinali chakufa. Chinkangonditokosa ngakhale ndikuthamanga bwinobwino."

"Lamba uja analibe vuto," ndinatero. "Mtima umene tinauona uja ndi wanu."

"Ndiye mwakhala dokotala tsopano?"

M'mawa mwake ndinawakokera kukachipatala ka m'dera lathu, iwo akung'ung'udza njira yonse kuti ndikuwachedwetsa kuntchito. Nesi anawamvetsera pachifuwa, kuwapopa pamkono, n'kunena kuti ali bwino, angochepetsako mchere. Ndinayesa kufotokoza kuti vutoli limaoneka akamathamanga. Nesi anafunsa kuti ndani analiona. Amuna anga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Umboni wonse unali m'kompyuta ya adokotala a kalabu, pansi pa dzina la Kamphepo. Amuna anga anatuluka m'chipatalamo akuimba mluzu.

Madzulo ake, ana atangomaliza kudya n'kupita kukasewera kwa anzawo, amuna anga anaika lamba watsopano pa makina anga.

"Musamutsire kalasitiki kaja apa."

"Sindisoka."

"Mayi, musandivute. Bondo lija munthu analipalasitsa njinga dzulo, labwerera m'mbuyo. Mawa pakapanda kuoneka kanthu pakompyuta, mwanayu amuchotsa."

"Ndipo mukathamanga inu, adokotala aonanso zomwe zija, amuchotsabe. Kusiyana kwake n'koti inu tikakutolani m'ngalande."

"Saona kanthu. Uyu ndi watsopano."

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati akukhulupiriradi zimene akunenazo. Maso awo ankathawa anga. Ankadziwa. Ankadziwa kalekale, chiyambire pasitepe paja, ndipo anali atasankha kale.

"Ngati ndi choncho ndikawauza ndekha adokotala aja," ndinatero.

"Mukakatero, mubwere mudzalongedze katundu wanu."

Chikwatiraneni anali asanandiuzepo mawu ngati amenewo. Anandibaya, koma mkwiyo unaposa ululu. "Kulongedza ndilongedza. Bola kukhala wosiyidwa kusiyana ndi kukhala wamasiye."

Anatenga singano ndi ulusi wanga, n'kukhala pakhonde, kumasoka okha kalasitiki kaja ndi misoko ikuluikulu yokhotakhota ngati akusoka thumba la makala. Ndinawasiya pomwepo n'kulowa kuchipinda kwa Kamphepo. Ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, mwendo atautambasula. Makoma a nyumba yathu ndi opyapyala, anali atamva zonse.

"Ukufuna chiyani kwenikweni, iwe?" ndinamufunsa. "Mendulo kapena mchimwene wako?"

"Alamu, ine ndinawauza kuti asiye."

"Unawauza ndi pakamwa pati? Pomwe paja unanditsina nditafuna kulankhula?"

"Ndinachita mantha."

"Mantha ake a chiyani? Iwe ukachotsedwa udzuka mawa, udya, upeza ntchito ina. Ana angawa bambo wina akamupeza kuti? Munthu uja anasiya zonse kuti iwe ukule. Ndiye zimenezo sizinakukwane, ukufuna ndi mtima womwe?"

Anayamba kulira, koma ine ndinali nditapsa kale, sindikanatha kuzima.

"Amandiuza kuti miyendo yangayi ndi yawo," anatero akusisima. "Amati ndikasiya ine ndiye kuti asiya kawiri. Ndiwayankhe bwanji, alamu?"

"Ngati mpikisanowo ukuufuna, thamanga ndi thupi lako. Usathamange ndi la mwamuna wanga."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti kukacha ndiima pakhomo, ndipo ngati akufuna kudutsa achite kundigwetsa.

Kunja kutayamba kuyera ndinamva amuna anga akumanga nsapato. Ndinadzuka msangamsanga, n'kukaima pachitseko cha pabalaza. Chinali chosakhoma. Iwo anali ataima pafupi ndi msomali uja, akuyang'ana khoma lopanda kanthu. Pansi panali sizasi yanga ndi kalasitiki kaja, atakadula. Ndinathamangira kuchipinda kwa Kamphepo. Bedi linali loyala bwinobwino, nsapato zake palibe, foni palibe.

"Ndi bondo limene lija?" anatero amuna anga. "Mwamuuza chiyani mwanayu?"

Sanadikire yankho. Anandikankhira pambali n'kuliyatsa liwiro. Ndinakuwa kuti aime, kuti tipeze galimoto, koma anali atakhota kale pa sitolo ya simenti, akuthamanga mmene ndinali ndisanawaonepo. Ndinatuluka ndili ndi diresi yogonera, nsapato za m'bafa kumapazi. Pamphambano ndinapeza wanjinga yamoto akupukuta mpando. Ndinamuuza kuti kuthanki ya madzi, msanga, za mtengo tikambirana pobwera.

Msewu wake ndi wautali kuposa mmene ndinkaganizira pomva nkhani zawo. Tinadutsa misika isanatsegulidwe, amayi osesa, mabasi akuyamba kuitanira. Ndinkayang'ana m'ngalande iliyonse. Ndinkapemphera mosokonekera, osadziwa kuti nditchule ndani poyamba.

Tinawapeza pakati pa chitunda. Kamphepo anali pansi m'mphepete mwa msewu, mwendo utapindikira kumbali mosakhala bwino. Amuna anga anali atamupeza. Anali atagwada pambali pake, dzanja limodzi lili paphewa lake, linalo likukanda pachifuwa. Ndikutsika panjinga, ndinawaona akupendekeka pang'onopang'ono mpaka kugonera chammbali m'fumbi. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa, maso ali otsegula, mpweya ukutuluka moduladula.

"Bambo! Bambo a ana anga!"

"Ndili bwino," ananong'ona. "Mdima chabe. Muoneni mwanayo."

Kamphepo sankalira. Anapisa manja m'malaya ake, n'kumasula lamba uja, n'kudzikhwekhwereza pafupi ndi achimwene ake. "Alamu, akwezeni malaya."

Ndinawakweza. Anawazunguliza lambayo pachifuwa, koma popanda kalasitiki kaja sankakumana. "Gwirani uku ndi uku. Panikizani kachitsuloko pakhungu, musasiye."

Ndinagwira. Iye anatulutsa foni n'kuimba, n'kuikweza mawu kuti tonse timve. Adokotala anayankha msanga, ngati munthu amene anali kale pakompyuta.

"Iwe, waimiranji? Ndaona waima nthawi yaitali. Dikira, ichi n'chiyani? Khala pansi pompano! Usayende!"

"Adokotala, mtima mukuuonawo si wanga," anatero Kamphepo. "Ndi wa achimwene anga. Ndi womwe uja munandionetsa. Masiku onse aja ankathamanga ndi iwowo, ine ndinavulala bondo."

Amuna anga atamva zimenezo mphamvu zinawabwerera kuchokera kumene sindikudziwa. Anayamba kulimbana ndi manja anga. "Chotsani! Chotsani chimenechi! Iwe, zimitsa foniyo, akuchotsa pa timu!"

"Agwireni, alamu!"

Ndinawakanikiza ndi thupi langa lonse, mawondo anga ali pamkono wawo, zala zanga zitauma pa lambayo. Anandikanda, ananditukwana mawu amene sindingawabwereze. Wanjinga uja anabwera kudzagwira mkono winawo. Pafoni adokotala anali atasiya kufunsa mafunso. Ankalankhula pafoni ina, akutchula thanki ya madzi, akutchula mayina a mankhwala, kenako n'kubwerera kwa ife. Anati tisachotse lambayo ngakhale pang'ono, chifukwa zimene akuonazo ndi zimene a ambulansi akufunika kudziwa asanafike. Anati amuna anga akasiya kupuma ndiwauze nthawi yomweyo, andilangiza chochita.

Anthu anayamba kusonkhana. Wina ankati tiwamwetse madzi, wina ankati tiwaimiritse. Ine sindinkamva aliyense. Ndinkangomva pansi pa manja anga chinthu chikuphiriphitha mosalongosoka, kuima, kuyambiranso. Amuna anga anasiya kulimbana. Anangotembenuzira nkhope kwa mchemwali wawo, misozi ikutsikira m'khutu.

"Wapangiranji zimenezi?"

Kamphepo anangowagwira phazi, popeza ndi pokhapo pamene ankafikira, mpaka ambulansi inabwera n'kuwatenga onse awiri.

Madokotala a kuchipatala chachikulu anati zimene adokotala a kalabu anawatumizira zinawafupikitsira ntchito. Anati akanangobwera ndi munthu wokomoka pamsewu, mtima utakhazikika kale, akanamupatsa madzi a m'botolo n'kumubweza kunyumba. Anawaika kachipangizo pansi pa khungu, kumtunda kwa chifuwa, koti kaziuwongolera mtima ukayamba misala yake. Kuthamanga anawaletsa mpaka kalekale. Za makwerero anati tidzakambirana m'tsogolo. Anamupimanso Kamphepo pa matenda omwewo, pamodzi ndi ana athu, ndipo onse anapezeka kuti alibe.

A Kochi sanabwere kudzazonda. Anatuma munthu kudzatenga lamba, ndi uthenga woti kalabu siisunga anthu achinyengo. Bondo la Kamphepo analichita opaleshoni, chifukwa mtsempha umene poyamba unangovulala unali utaduka.

Amuna anga sankandilankhula. Ndikabwera ndi chakudya ankatembenukira kukhoma. Ndikawapukuta kumaso ankatseka maso ngati ndine nesi wachilendo. Odwala anzawo m'chipindamo ankandimvera chisoni, wina mpaka anandifunsa ngati ndine mkazi wachiwiri. Zinkandipweteka kwambiri, koma ndinkabwerabe, kukhala pampando wachitsulo uja, kumayang'ana chinsalu chikukwera ndi kutsika pachifuwa pawo.

Tsiku limene Kamphepo analoledwa kudzuka, anabwera kuchipindako akuyendera ndodo, mwendo uli m'chikhakha. Anali atawonda. Anaima kumiyendo kwa bedi, osadziwa poika maso.

"Achimwene."

Anatembenuka. Anayang'ana ndodozo nthawi yaitali.

"Bondo akuti bwanji?"

"Akuti ndidzayenda bwinobwino."

"Nanga kuthamanga?"

Kamphepo anayang'ana pawindo. Amuna anga anapuma mpweya wautali, kenako kwa nthawi yoyamba chigonekedwere anandiyang'ana ine m'maso.

"Mwasangalala tsopano?"

Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamulera, ataima ndi mwendo umodzi chifukwa cha mawu anga. Ndinawayang'ananso iwo, nkhope itakwinyika ndi mkwiyo, milomo itabwerera mtundu wake, akupuma.

"Eya," ndinatero. "Ndasangalala."

Ndipo ndinalira mpaka nesi anabwera kudzanditulutsa.